Msewu Unathera M'kachitini

Bambo ake a Girisi anapempha chinthu chimodzi chokha asanasamuke. Maso awo anali atachita khungu, msana ukuvuta, ndipo mwana wawo wamkazi anali atabwera kudzawatenga kuti akakhale naye kutali, pafupi ndi chipatala. Iwo anati akufuna adutsenso kamodzi mumsewu wa kumapiri, umene anayendetsamo lole ya matabwa unyamata wawo wonse.

"Msana umenewu pa mabampu aja?" anadandaula mwana wamkaziyo. "Achimwene, aletseni."

Girisi sanawaletse. Dzinali anam'patsa ndi bambo akewo ali wamng'ono, poti sankachoka pansi pa lole, ndipo atakula anakhaladi makaniko. Anangolowa m'galaja mwake n'kukweza pikapu yake pa jeke.

Anamasula mashoko akale, zitsulo zochepetsa kudumpha kwa galimoto, aja ankagogoda ngati mlendo wamwano pakhomo, n'kuwaponya pamulu umene wogula zitsulo anadzatola. M'malo mwake anaikamo atsopano. Shoko iliyonse inali ndi paipi yakuda yopita kukachitini kake, kamene anakamangirira pamalo opita mphepo. Mashoko wamba akavutika nthawi yaitali, oilo amatentha n'kuchita thovu, galimoto n'kuyamba kudumpha. Awa ayi. Oilo wotentha amathawira m'kachitini n'kukazizira.

Mlongo wake anasuzumira pansi n'kuseka. "Mwaiika madiripi galimoto? Wodwala ndi Bambo, achimwene."

"Seka, udzanditamanda panjira."

Ananyamuka m'mawa, kutatsala tsiku limodzi kuti bambo asamuke. Anawakhazika kutsogolo, pilo kumsana, mwana wamkazi pakati. Mkuluyo anagwira dashibodi ndi manja onse awiri.

"Musandiuze kanthu," anatero. "Ndizikuuzani ndine pamene tili. Phula likatha pali timizere tija togwedeza mano. Kenako dzenje la pamlatho. Kenako miyala ya pachitunda, pamene lole inandithyokera sipuling'i, mayi anu n'kundipeza miyendo ili kunja, n'kundiseka."

Phula linatha. Matayala anavina pansi, koma m'kati munali bata. Girisi anayang'ana mlongo wake monyadira.

"Msana uli bwanji, Bambo?"

"Uli chete. Koma phula analitalikitsa, eti?"

Ana aja anayang'anana. Sanawauze kuti phula latha kale, poti anali atawaletsa. Anadutsa pamlatho, dzenje lilipo ndithu, lakula kuposa kale, koma pikapu inangolimeza ngati malovu. Bambo anapendeketsa mutu, akumvetsera ndi thupi lonse. Apa mpamene Girisi anazindikira kuti mabampu aja sakuwafika bambo ake.

Atafika pachitunda anakhotetsa chiwongolero dala, kulunjika miyala ikuluikulu. Galimoto inangopuma pang'ono. Anaponda moto kuti mwina igwedezeke, koma ikathamanga mpamene inkasalala kwambiri. Manja a bambo ake anali akudikirabe padashibodi.

Msewu unathera pamene kale ankapakira matabwa. Anazimitsa injini.

"Waimiranji? Yafa?"

"Tafika, Bambo."

"Tafika kuti?"

"Kumapeto."

Mkuluyo anachotsa manja padashibodi pang'onopang'ono n'kuwaika pamaondo. "Nanga pa mayi anu paja?"

"Tadutsapo," anatero mwana wamkazi motsitsa mawu.

"Osandiuza?"

"Munati tisakuuzeni, Bambo."

"Ee. Ndinaterodi."

Girisi anafuna kunena kuti abwezeretsamo mashoko akale abwerenso, koma anakumbukira wogula zitsulo uja, ndiponso basi yowatenga bambo ake mawa. "Pobwerera tiima pamiyalapo," anatero. "Mutsika, muigwira."

"Miyala ndi miyala, Girisi. Ine msewu uno ndinkaudziwa ndi matako, osati ndi manja." Anaseka pang'ono, ana awo osatha kuseka nawo. "Wachita chiyani ndi galimotoyi? Tandionetsa."

Anawatsitsa mosamala. Girisi anatenga dzanja lawo n'kulilowetsa kuseri kwa tayala, kulitsatitsa paipi mpaka pakachitini. Bambo anadzidzimuka.

"Katenthatu! Chakatenthetsa n'chiyani?"

"Mabampu onse aja, Bambo. Amathera umu."

"Ndi dzenje la pamlatho lomwe?"

"Ndi lomwe."

"Ndi miyala?"

Girisi anagwedeza mutu, n'kukumbukira kuti samuona. "Ndi miyala yomwe."

Mkuluyo anakafumbata kachitini kaja ndi manja onse, atawerama, msana umene ankausunga uja uli wopindika. Mwana wamkazi anati awadzutse, Girisi anamugwira mkono.

"Ntchito yabwino iyi, mwana wanga," anatero bambo osatembenuka. "Msana sunamve kanthu."

Mphepo ya kuphiri inkapita pansi pa galimoto, pamalo pomwe Girisi anasankha kuti kachitini kazizizira msanga. Iye anaima mbali yochokera mphepoyo, kuitchinga ndi thupi lake.