Wotapampu ya M'kamwa mwa Adadi

Adadi anga salankhulalankhula. Serious. Mukhoza kukhala nawo tsiku lonse ku galaja kwawo, zomwe mungamve ndi "sipanala teni" ndi "ponda buleki", basi. Koma Lamlungu lililonse folo koloko masana, pulogalamu ya Pansi pa Boneti ikangoyamba pa TV, munthu uja ankasintha. Ankakhala pa mpando wawo wa pakona, uja unang'ambika potsamira mkono, ine pa kapeti pafupi ndi miyendo yawo, foni ili m'manja ngati nthawi zonse. N'chifukwa chake amanditcha Zala. Ndiye kwa ola lathunthu ankacheza nane. Ola limodzi pa wiki, guys, koma linali langa.

Amene ankayendetsa pulogalamuyo anali mdala wina wa ovolosi ya buluu yothothoka m'mabondo. Chigawo chomwe tinkachikonda chinali cha Injini Ikuti Chiyani. Anthu ankajambula phokoso la galimoto zawo pa foni n'kutumiza, mdala uja n'kutsinzina, kumvetsera, kenako n'kutchula vuto. Adadi ankapikisana naye.

"Zala, tamvera. Wakamva kakuti tiki-tiki pansipo? Matapeti amenewo."

Akalondola mdalayo asanayankhe, ankandimenya paphewa ngati wagoletsa chigoli ndine.

Kenako mdala uja anapuma pa ntchito. M'malo mwake anabweretsa mnyamata wovala magalasi akuda mkati mwa situdiyo momwe mulibe dzuwa. Boneti satsegula. Ntchito yake kuzungulira galimoto zonyezimira, kusisita mipando yachikopa, kufunsa oimba kuti, "Nanga mukakhala pa chiwongolero, feeling imakhala yotani?" Chigawo chathu chija anachichotsa. Wiki yachitatu adadi anaimirira pulogalamu ili mkati, n'kuika rimoti pa tebulo pang'onopang'ono ngati akuika dzira.

"Asinthe dzina," anatero. "Ikhale Pamwamba pa Boneti."

Anatuluka. Kuyambira tsiku limenelo, folo koloko ikakwana ankatenga beseni la parafini n'kukakhala kuseri kwa nyumba, kutsuka masipanala oyera kale. Ine ndekhandekha pa kapeti, mpando wa pakona uli mbee.

Pa gulupu ya banja lathu ndiye panabuka nkhondo. Amalume, omwe amayendetsa lole, amalemba ndi zilembo zikuluzikulu zokhazokha chifukwa sadziwa pozichotsera.

"ATIPHERA PULOGALAMU. MWANA UJA SADZIWA NGAKHALE POTHIRA OYILO."

Achemwali anga, omwe ndi nesi, anayankha pompo. "Koma amalume, ifenso tikuonerako tsopano. Kale inali ya anthu akuda m'manja okhaokha."

Alamu, amuna awo a achemwali, nawonso sanafune kutsalira. "Ndi rebranding imeneyo, amalume. Dziko likupita patsogolo."

"AKAMWINI INU KHALANI CHETE. TSIKU LIJA MUNANDIIMBIRA KUTI GALIMOTO YAFA POMWE MUNANGOIWALA KUTHIRA PETULO."

Amami anangotumiza chithunzi cha maluwa cholembedwa kuti mukhale ndi tsiku lopambana.

Ine kunena zoona ndinali pakati. Marimu a matayala a galimoto zonyezimira zija ngokongola, sindinama, ndipo galimoto yofiira ija ya wiki yachiwiri ndinaiika pa wallpaper. Koma marimu sangandimenye paphewa. Ndinkangofuna kuti adadi abwerere pa mpando wawo, basi.

Si ife tokha amene tinkakangana. Pa peji ya pulogalamuyo anthu ankatukwanizana mpaka makomenti masauzande, amakaniko uku, okonda zonyezimira uku. Ndiye Lamlungu lina Wamagalasi uja, dzina lomwe adadi anamupatsa, anayang'ana kamera n'kunena kuti, "Mwalemba, tamva, ena mwatitukwana mpaka azigogo athu. Sabata yamawa Injini Ikuti Chiyani ibwerera, kamodzi kokha, tione ngati mukuifunadi. Tumizani maphokoso anu."

Ndinathamangira kuseri opanda silipasi.

"Adadi! Akubwezeretsa chigawo chathu chija!"

Sanadzutse n'komwe mutu. "Adzamvera ndi chiyani? Magalasi?"

Ok. Ndinaganiza kuti ndingotumiza phokoso ine. Akadzamva dzina langa pa TV, afune asafune adzalowa.

Apa mpofunika ndikuuzeni mmene adadi amagwiritsira ntchito foni. Salemba meseji. Zala zawo n'zonenepa, akadina chilembo chimodzi zimabwera zitatu. Amatumiza voisi. Ndipo akafuna kundituma sipeya kutauni, sayamba ndi kutchula dzina lake ayi. Amayamba aliza kaye phokoso la vutolo ndi pakamwa, akuti kuti ndiphunzire, yankho n'kubwera kumapeto. Munthu umakhala uli pa mzere mu shopu, foni pakhutu, ukumva bambo ako akulira ngati lole yokwera phiri. Mavoisi amenewa ndimawatumiza ku nambala yanga yomwe kuti asasowe, pamodzi ndi china chilichonse chomwe ndajambula.

Wiki imeneyo ku galaja kunali galimoto ya aphunzitsi oyandikana nafe nyumba, yomwe inkalira moti agalu ankathawa. Lachinayi ndinaijambula bwinobwino, masekondi fote, n'kusunga komwe kuja. Lachisanu ndili m'basi, ndikuyankha amalume, ndikuyankha achemwali, ndikuyankha mnzanga wina amene chibwenzi chake chatha kachitatu mwezi uno, ndinakumbukira kuti tsiku lotumizira likutha. Ndinatsegula, ndinaona voisi ya masekondi fote, forward, ndamaliza. Osamvetsera kaye. Ndinalembanso pansi pake kuti "Kuchokera kwa Zala, tithandizeni plz."

Lamlungu nyumba inadzaza. Amalume anabwera kuti adzaone Wamagalasi akuchita manyazi. Achemwali ndi alamu anabwera kuti adzaone amalume akuchita manyazi. Amami anakhala pakhomo la kukhitchini akusenda mbatata, akuti iwo alibe mbali. Mpando wa pakona palibe anaukhudza. Adadi anali kuseri ndi beseni lawo, pansi penipeni pa windo la pabalaza. Ndinatsegula windolo n'kukweza voliyumu mpaka sipika inayamba kunjenjemera.

Wamagalasi anabwera ndi mlendo, mtsikana wa ovolosi yoyera, laputopu m'manja. Akuti ndi makaniko wa galimoto zamakono.

"Ovolosi yoyera!" anatero amalume. "Ameneyu ndi wozula mano, osati makaniko."

"Amalume, mpatseni mpata," anatero achemwali.

"Ndamupatsa. Azule."

Anayamba ndi phokoso la munthu wina, kakulira kosongoka ngati mluzu. Mtsikana uja anati ndi fanibeluti. Amalume anang'ung'udza kuti imeneyo ngakhale alamu akanaidziwa. Alamu anati zikomo. Kunja masipanala ankangogundana mu beseni, ngwe, ngwe, ngati palibe chikuchitika.

Kenako Wamagalasi anati, "Lotsatirali latumizidwa ndi Zala."

Masipanala anasiya kulira.

Phokoso linayamba. Grrrr, wiii-wiii-wiii, kocho-kocho, grrrr. Ndinamwetulira kwa masekondi asanu okha. Chifukwa pakati pa grrrr woyamba ndi wachiwiri ndinamva kanthu kakang'ono, kakuti hhh. Munthu kukoka mpweya. Galimoto ya aphunzitsi ili ndi mavuto ambiri koma sikoka mpweya.  Ndinayang'ana foni, n'kutsegula zomwe ndinatumiza Lachisanu zija. Mayo ine.

Chitseko chinatseguka mwamphamvu. Adadi, sipanala m'manja, parafini akudontha pa kapeti ya amami.

"Galimoto ya ndani imeneyo? Azimitse msanga asanaphe injini! Bering'i ya wotapampu yatha imeneyo!"

"Adadi..." ndinatero.

"Chete, Zala, timve."

Ku situdiyo anaimitsa phokoso lija lisanathe. Wamagalasi anakanda chibwano. "Ine ndikuona ngati ndi ekizozi."

"Ekizozi!" Amalume anaseka mpaka kutsokomola. "Mwamva akamwini? M'bale wanu uyo!"

Mtsikana uja sanaseke. Anatseka laputopu yake n'kuikankhira pambali. "Tabwerezaninso," anatero. Anabwereza. Iye n'kutsinzina, mutu kupendekera kumanzere, chimodzimodzi mdala wa ovolosi ya buluu uja. Adadi anasendera pafupi ndi TV.

"Wotapampu," anatero mtsikanayo. "Bering'i yake yatha. Asayendenso nayo. Koma pali kena kake sindikukamvetsa. Injiniyi ikumveka ngati ili ndi chimfine."

"Eyaa!" anakuwa adadi, n'kuloza TV ndi sipanala. "Mwanayu ali ndi khutu! Mwaona? Watseka chikompyuta chakecho n'kumvetsera!"

Ndipo osazindikira, anakhala pansi. Pa mpando wa pakona. Dzanja lawo la parafini linatera paphewa langa, pha! Ndinafuna kusangalala koma ndinkadziwa chomwe chatsala mu voisi ija. Ndinapemphera kuti magetsi azime. Sanazime. Tsiku lomwe umawafuna kuti azime sazima.

"Tiyeni timalize kumvera, kwatsala masekondi pang'ono," anatero Wamagalasi.

Grrrr, kocho-kocho. Kenako injini ija inatsokomola. Kutsokomola kwa munthu, kwa pakhosi. Kenako inalankhula.

"Wamva, Zala? Leka kudinadina foniyo, mvetsera. Imeneyo ndi bering'i ya wotapampu. Pita ukagule, ndipo usakabwerenso ndi ya feki ngati tsiku lija."

 Mbatata ya amami inagwera mu beseni lawo la madzi, chubwi.

Ku situdiyo ndiye kunali chipwirikiti. Mtsikana uja anagwira pakamwa. Wojambula anaseka mpaka kamera inayamba kugwedezeka. Wamagalasi anapinda msana, kumenya tebulo, misozi mbwee, mpaka anavula magalasi aja kuti apukute m'maso.

"Ali ndi maso!" anakuwa achemwali. "Amalume taonani, ali ndi maso!"

Koma ine sindinkayang'ana TV. Ndinkayang'ana adadi. Nkhope yawo inali gwa, ngati ya tsiku lija anaika rimoti pa tebulo. Ndinati basi, zatha, ulendo uno akatuluka sadzalowanso, ndipo mwina ndi mavoisi omwe asiya kunditumizira.

"Zala."

"Adadi."

"Ndine ameneyo?"

"Sorry adadi. Ndimafuna kutumiza ya galimoto ya aphunzitsi, ndiye ndinali m'basi, ndiye mavoisi ake anali ofanana, ndiye..."

"Anthu onse amva?"

"Eee. Onse amene akuonera."

 Amalume anali ataluma kolala ya shati kuti asaseke, mapewa okha akugwedezeka. Ndiye alamu, munthu amene sadziwa nthawi yoyenera kulankhula chibadwire, anatsegula pakamwa.

"Koma bambo, mwathamanga kuchokera panja kudzapulumutsa wotapampu ya m'kamwa mwanu momwe."

Ndinatseka maso. Achemwali anawatsina alamu pantchafu.

"Nanga ndikanaisiya?" anatero adadi pang'onopang'ono. "Inalira bwino. Ngakhale ine ndinakhulupirira."

Amalume anaphulika. Amami anaseka mpaka kugwa pansi pakhomo pomwepo. Adadi anayesetsa kulimbitsa nkhope koma ndevu zawo zinkanjenjemera, kenako nawonso anagonja, kuseka kwawo kuja kosowa, komveka ngati injini ya dizilo ikulira m'mawa kozizira.

Pa TV mtsikana uja anali atapezako mpweya. "Bambo ake a Zala, kulikonse komwe muli, ine ndaphunzira zaka zinayi koma sindinamvepo bering'i yomveka bwino chonchi. Chimfinecho pepani, mumwe madzi otentha."

"Ndilibe chimfine ine," anayankha adadi, ngati akuwamva.

Wamagalasi, magalasi ali m'manja, anati mafoni a ku situdiyo akulira osalekeza, ndipo chigawochi sichichokanso. Anati bambo ake a Zala akafuna atumizenso ina sabata yamawa, aone ngati angamugonjetse mtsikanayo. Atatero anabwerera ku galimoto yake yonyezimira n'kuyamba kusisita mipando.

"Wayambanso," anatero adadi. Koma sanadzuke.

Pulogalamu itatha mkangano unapitirira pomwe unalekera. Amalume akuti apambana ndi iwo chifukwa khutu lagonjetsa kompyuta. Achemwali akuti apambana ndi iwo chifukwa khutulo linali la mtsikana wa ovolosi yoyera yemwe amalume anamutcha wozula mano. Alamu anati zonsezi ndi rebranding, onse awiri n'kuwauza kuti akhale chete. Amami anali kalikiliki ndi nsanza pa kapeti, akufunsa kuti ndani adzachotse fungo la parafini pa mpando. Foni yanga inkangonjenjemera, mameseji eite, ena ochokera kwa anthu omwe ndinasiyana nawo ku pulayimale. Aphunzitsi nawo analemba kufunsa ngati galimoto yawo ionekenso pa TV.

Adadi anandikoka khutu pang'ono.

"Zala, bweretsa foni yakoyo."

Ndinawapatsa ndikuganiza kuti akufuna kuiponya mu beseni la parafini. Anaiyang'ana uku ndi uku n'kundibwezera.

"Dina pojambulira. Iyi ndi ya giyabokosi, yovuta. Tione ngati kamtsikana kaja kaipeze. Koma yankho ndikuuza iwe wekha, usakatumizenso ndi yankho lomwe."

"Nanga kutsokomola ndidule?"

"Ndati ndilibe chimfine. Khala pansi apa, umvetsere bwino, nawenso ndikufunsa."

Ndinakhala pa kapeti ponyowa pomwepo, n'kudina. Adadi anakonza pakhosi, anatsinzina, n'kulowetsa giya yoyamba.