Mphika wa Kuseri kwa Khoma

Kuseri kwa chitseko cha khitchini yathu kuli kalendala yokhala ndi kamwezi pa tsiku lililonse: kena kathunthu, kena kodyeka mbali, kena kakuda bii. Apongozi anga aakazi, amene timakhala nawo, ndi Mhindu, ndipo moyo wawo umayendera timiyezi timeneti. Pa tsiku lakhumi ndi chimodzi mwezi ukamakula, ndiponso lakhumi ndi chimodzi ukamachepa, amasala. Tsikuli amalitcha Ekadashi. Sakhudza mpunga, nyemba kapena buledi, ndipo m'nyumba monse zimenezi siziphikidwa. Nthochi ndi mkaka basi. Anayamba kusalaku amuna anga ali khanda lodwala, atalonjeza kuti mwanayo akachira sadzadumpha ngakhale kamodzi. Papita zaka makumi atatu, sanadumphepo.

Maso awo atasiya kuona, ntchito yowerenga kalendalayo inagwera ine. M'mawa uliwonse ankakhala pampando wawo wotsamira khoma la aneba, n'kufunsa:

"Namaloto, mwezi uli pati lero?"

Dzinalo anandipatsa nditapsereza mkaka kawiri ndikuyang'ana mitambo pawindo.

Amuna anga amayendetsa lole za katundu, ndipo amatha miyezi itatu osaonekera. Ulendo wapitawo anafika pa tsiku losala. Anadya nthochi ziwiri, n'kuyang'ana mbale, n'kuyang'ana ine, kenaka anati akaone anzawo pang'ono. Anabwera atakhuta, akununkha anyezi wa kwina. Diresi imene ndinawavalira sanaione n'komwe.

Ndiye ataimba foni kuti afika Lachiwiri masana n'kunyamuka Lachitatu m'mawa, ndinathamangira kuseri kwa chitseko chija. Lachiwiri linali lozunguliridwa ndi inki yofiira, chizindikiro cha Ekadashi. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, mtima ukugunda ngati ndaba kale.

Apongozi ndi omwe anandiphunzitsa kuti masiku a mwezi sayenda ngati a dzuwa: nthawi zina limodzi limadumphidwa, nthawi zina limabwereza. Lachiwirilo m'mawa ndinatenga chimene anandiphunzitsacho n'kuwanamizira.

"Namaloto, mwezi uli pati lero?"

"Lakhumi, Amayi."

"Dzulo silinali lakhumi?"

"Labwereza. Ekadashi ndi mawa."

Anapendeketsa mutu kukhoma, ngati munthu amene akufuna kukumbukira nyimbo. Ine ndinkapukuta kapu youma kale.

"Chabwino," anatero. "Tsuka mpunga katatu, osati kuuviika m'madzi ngati ukusambitsa mphaka."

Amuna anga anafika dzuwa lili paliwombo, fumbi mpaka m'nsidze. Atangolowa ananunkhiza m'mwamba.

"Iii, lero ndalowa nyumba yolondola? Nthochi zija zatha m'dziko muno?"

"Khala pansi, chimimba iwe," anatero Amayi, akuwapapasa kumaso. "Wanenepa. Amakudyetsa ndani m'misewumo?"

"Matayala, Amayi. Ndimakazinga matayala."

Tinadya atatu patebulo. Amayi anafunda nsalu yawo yoyera kumutu mpaka pachibwano, dzanja likupita kumbale n'kubwerera kukamwa, akudandaula kuti mchere wachepa. Amuna anga anawonjezera kawiri. Anaiona diresi ija, ndipo pansi pa tebulo anandiponda chala dala. Madzulo sanapite kwa anzawo. Tinakhala pakhonde tikuonera ana akuthamangitsana mumsewu, iwo akundiuza za mlatho wautali umene amawoloka kukucha, pamene nkhungu imabisa madzi n'kumaoneka ngati lole ikuyenda kumwamba. Zonse zimene ndinalota zinachitika. Koma bodza lija silinandichoke m'maganizo.

Lachitatu m'mawa lole inanyamuka. Amayi anasamba, anayatsa kanyali pakona pawo popempherera, n'kunena kuti lero sadya kanthu, ngakhale nthochi, mpaka madzulo. Ndinangoti, "Inde, Amayi," maso ali pansi.

Posakhalitsa, kuseri kwa khoma kunalira mphika. Aneba athu, mayi wosoka zovala wa chipembedzo chomwecho, ali ndi mphika uja wotseka ndi chivindikiro cholimba, umene umalira ngati wenzulo nthunzi ikadzaza. Umalira tsiku lililonse akamaphika mpunga ndi nyemba. Unalira katatu. Ndinaona mutu wa Amayi ukutembenukira kukhoma pang'onopang'ono, kenaka n'kubwerera.

Ndinatola zovala zochapa kuti ndithawe m'chipindamo. Kubafa, ndikukutumula nsalu yoyera ija, ndinamva kulemera kungodya imodzi. Panali mfundo yomangidwa zolimba. Nditamasula, mpunga wadzulo unagwera m'beseni, wouma, wothimbirira ndi msuzi, wonse umene ndinawagawira.

Ndiye kuti dzulo sanadye chilichonse, ngakhale nthochi imene lamulo lawo limalola, poopa kuti mwana wawo angafunse. Ndipo lero, tsiku loti amasule kusala m'mawa monga achitira nthawi zonse, anali kusalanso, kusalira bodza langa. Mayi wa zaka makumi asanu ndi awiri, womwa mapiritsi a mtima.

Ndinawapeza pakona paja atatsamira khoma, milomo itauma, mikanda yawo yopempherera ili m'manja. Ndinagwada ndi beseni m'manja.

"Amayi."

"Wabwera ndi fungo la sopo. Wachapa nsalu yanga?"

"Ndapeza mpunga."

"Ukanaupatsa mbalame. Unalibe mchere, koma mbalame sizisankha."

Misozi inayamba yokha. Ndinawauza zonse: za inki yofiira, za diresi, za anyezi wa kwina. Mawu ankatuluka mopingasa, ndipo nkhope inkanditentha ngati ndaima pamoto.

"Munadziwa liti?" ndinafunsa.

"Wosoka uja mphika wake umayamba kulira m'mamawa akamaphikira ana a sukulu. Dzulo kunali zii. Mayi amene uja aiwale kuphika? Angayambe waiwala dzina lake."

"Bwanji simunandidzudzule?"

"Pamaso pa mwana wanga? Amabwera tsiku limodzi pa miyezi itatu. Ukanafuna achoke akudziwa kuti mkazi wake amanamiza wakhungu?"

Mawu akuti wakhungu anandilasa kuposa mbama. Iwo sanawatchulepo chiyambire.

"Nanga lero mukusaliranji? Iye wapita."

"Ndimadikira kuti ndione ngati ubwera wekha. Sunabwere wekha. Wabwera ndi beseni."

Ndinathamangira kukhitchini, ndinatenthetsa mkaka osachotsapo maso, ndinaphika phala la mpunga lofewa. Ndinawamwetsa ndi supuni, ndipo sanakane. Atamaliza anandigwira dzanja, zala zawo zozizira zikufufuza mphete yanga.

"Ukanandipempha, Namaloto. Ukanati, Amayi, mwana wanu akubwera, ndiloleni ndimuphikire. Lonjezo ndi langa, si la m'mimba mwake. Ndikanakalipa, inde, mwina mpaka masana. Kenaka ndikanakuuza pamene ndimabisa mpunga wabwino."

"Ndikhululukireni, Amayi."

"Ndamva. Pita ukachape nsaluyo bwinobwino, msuzi umakanirira."

Ndinaichapa kanayi. Banga lachikasu linatsalabe pangodya paja, laling'ono ngati chikhadabo. Iwo sangalione. Ine ndimaliona nthawi zonse akafunda.

Amuna anga ataimba foni madzulo ake, anati sanadyepo chakudya chokoma ngati chija, ndipo anafunsa ngati Amayi ali bwino. Amayi analanda foni n'kuwauza kuti mkazi wawo wayamba kudziwa kuphika, kwangotsala mchere.

M'mawa mwake ndinadzuka ndi mantha akuti sadzandifunsanso. Ndinaima kuseri kwa chitseko, chala chili pa kamwezi ka tsikulo, ndikumvetsera akukhala pampando wawo.

"Namaloto, mwezi uli pati lero?"

"Lakhumi ndi chitatu, Amayi. Ukukula."

"Chabwino," anatero.

Koma ndinawaona akupendeketsa mutu kukhoma, n'kukhala choncho mpaka mphika wa aneba utalira.