Adzukulu Akana Manda a Bambo Gwanda

Dzuwa linafika pamutu adzukulu a ku Biwi adakali chikhalire pa njerwa. Ananena poyera kuti manda a Bambo Gwanda sakumba. Zaka zonsezi munthuyo sanaonekepo pa maliro a m'dera muno, ndiye lero akufuna amukumbire ndani?

Olipa, mkazi wa malemuyo, ankamva zonsezi ali pafupi ndi bokosi, ndipo chomuwawa chinali chakuti anyamatawo sankanama. Mwamuna wake anali mwendanjira. Lero ku Misuku, mawa ku Nsanje, kufunsa nkhalamba mbiri ya makolo awo n'kumalemba m'magazini. Mayina a mafumu akutali ankawatchula osapunthwa, koma la woyandikana naye nyumba ankachita kufunsa.

Leston, mwana wawo woyamba, anapepesa mpaka mawu kusasa, adzukulu n'kumangoyang'ana kumbali. Atati akakumba yekha, amalume ake anamukalipira kuti mwana sakumbira bambo wake manda. Kunja nako kunkatentha, thupi silikanadikiranso tsiku lina.

"Ngakhale mwafa mukundichititsabe manyazi," Olipa ananong'oneza bokosilo. Anali wokwiya kuposa wachisoni.

Mkangano uli mkati, panafika bambo wina wovala mkanjo, fumbi mpaka m'mawondo. Anati ndi Mwamadi wa ku Katuli, kumalire ndi Mozambiki, ndipo uthenga wa maliro anaumva pa wailesi. Anthu anamufotokozera chomwe chavuta.

"Malemuwa anabwera kwathu kudzafunsa bambo anga za njira yakale ya minyanga ndi akapolo," anatero Mwamadi. "Anapeza bambowo atamwalira m'mawa womwewo, amuna ambiri ali ku Joni. Sanafunse kanthu. Anaika chikwama pansi n'kulowa m'dzenje. Manda achisilamu sankawadziwa, tinkachita kuwawongolera, koma anatulukamo manja onse ali matuza."

Olipa anaukumbukira ulendo umenewo. Mwamuna wake anabwerako atamanga nsanza m'manja, wopanda nkhani yolemba, ndipo iye anamulalatira kuti amangoyendayenda zopanda phindu. Mwiniwake anangopempha madzi ofunda.

Adzukulu aja anayang'anizana, koma palibe amene anadzuka. Mwamadi sanawanyengerere. Anapinda mkanjo wake n'kuumanga m'chiuno, kenako anatembenukira kwa Leston.

"Mwanawe, ndibwereke khasu. Kumanda n'kuti?"