Kuseri kwa Chinsalu

Kanema woyamba amene ndinaonera m'moyo wanga anatsala pang'ono kundithetsera ukwati, ndipo mpaka lero ndikamukumbukira mtima umandiwira.

Dzina langa ndine Laston. Nthawi imeneyo ndinali mkamwini pamudzi wina m'munsi mwa Michesi, patapita zaka zitatu chichitikireni njala yaikulu ija. Mkazi wanga Belita anali woyembekezera mwana wathu woyamba. Vuto langa ine ndi pakamwa. Ndikaona chinthu chokhota sinditha kungomeza malovu n'kudutsa. Ankhoswe anali atandikhalira kale kawiri, koyamba chifukwa cha mbuzi, kachiwiri chifukwa ndinanena kuti nkhokwe ya apongozi ndi yopendekera, zimene zinali zoona. Ulendo wachiwiriwo a Dyson, malume ake a Belita, amenenso anali mwini mbumba, sanapite m'mbali.

"Kachitatu sitidzavutitsanso ankhoswe," anatero. "Mudzangopeza mphasa yanu ndi khasu lanu zili panja."

Ndiye ndinkayenda monyang'ama pamudzipo, lilime nditalipinda.

Lachitatu lina mwezi wa Okutobala kunabwera galimoto la kanema. Anthu ake anazika mitengo iwiri pabwalo la sukulu n'kumangapo chinsalu choyera. Kutangoyamba kuda, bwalo linadzaza. Ine ndinafika ndi akamwini anzanga awiri, Makina ndi Eneya, ndipo tinangopeza apongozi athu akhala kale kutsogolo penipeni. Anga, a Alesi, anali pakati pa mphasa, miyendo atatambalala. Mwambo wake mukuudziwa: mkamwini sakhala pamene pali apongozi ake aakazi, sayang'anizana nawo, akakumana panjira amapatukira kutchire. Bwalolo linali laling'ono. Paliponse pamene tikanakhala, akanangocheuka n'kutiona.

Eneya ndiye anazindikira kuti zithunzi zikuonekeranso kuseri kwa chinsalucho. Tinazungulira n'kukakhala pachulu, atatu okhaokha, popanda wotiponda kapena wotitsekera. Tinadziona ochenjera zedi.

Kanema woyamba anali wa munthu wonenepa wophunzira njinga, amene anagwera nayo mumtsinje. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Wachiwiri anali wa alimi awiri, waulesi ndi wakhama, ndipo bambo wina ankalongosola pa chimkuzamawu. Wakhamayo ndiye ankatamandidwa, ati tizitengera iyeyo. Koma ine ndinaona zina. Munthuyo popereka moni kwa nkhalamba anatambasula dzanja lamanzere. Pakudya, lamanzere. Mkazi wake popatsira mlendo madzi, lamanzere, mlendoyonso n'kulandira ndi lamanzere, osachita nazo manyazi. Mudzi wonse wamanzere! Ndinamugunda Makina ndi chigongono, iye anangoti, "Eee, zoonadi." Pakati pa kanemayo Belita anabwera kuseriko kudzandipatsa chinangwa chophika, anagwada pambali panga kanthawi, kenako anabwerera kwa amayi ake.

M'mawa mwake tinkafolera nyumba ya a Dyson mvula isanayambe. Ine ndinali pamwamba, Makina ndi Eneya akundiponyera mitolo ya udzu, a Dyson ali pamthunzi kulamula. Kuseri kwa mpanda, chapafupi pomwepo, apongozi ndi Belita ankasenda nandolo. Apo n'kuti atulukira a Wahabu, Msilamu wa ku Chiringa amene ankayenda panjinga kugulitsa matemba ndi mchere.

"A Wahabu, mwaphonya zinthu!" anatero a Dyson. "Koma musadandaule, galimotolo lili kwanu Lachisanu. Mukaonere. Tsekani chilichonse, mukaonere."

"Muli chiyani mmenemo?"

"Muli wa njinga," anatero Eneya. "Ameneyo yekha ndi wokwana. Inu amene mumakwera njinga mukafa nako kuseka."

"Wa njingayo ndi wa ana," anatero a Dyson. "Kanema weniweni ndi wa alimi uja. Muli nzeru, muli ulemu. Mnyamata uja ndiye mkamwini woti munthu n'kumupatsa mwana wako. Wolimbikira, waulemu, wosayankhayankha."

Mawu omalizawo anawaponya chokweza kuti afike padenga. Ndinawamva, ndinangomanga udzu wanga. Ndikunena zoona, ndinali nditatsimikiza kukhala chete. Koma a Wahabu anakweza maso.

"Nanga inu apamwamba apo, mukuti bwanji?"

"Wa njinga uja anali bwino," ndinatero.

"Nanga winayo? Ndikataye nthawi yanga?"

Munthu wakufunsa pamaso pa anthu, kawiri, ungamunamize? Chingwe cha pakamwa panga chinaduka.

"Musakavutitse miyendo, a Wahabu. Ndi kanema wa anthu osaleredwa. Inu simungathe n'komwe kumuonera mpaka kumapeto. Munthu akudya ndi dzanja lamanzere, akupatsa moni akuluakulu ndi lamanzere, ndiye atiuze kuti tizitengera ameneyo? Kwathu mwana wotero amamumenya dzanjalo."

A Wahabu analavula pansi. A Dyson anaimirira pang'onopang'ono.

"Lamanzere liti? Ine ndinali kutsogolo penipeni. Linali lamanja."

"Lamanzere, a malume. Ndinaona ndi maso angawa."

"Ndiye ife tinaona ndi mawondo?"

Ndikanalekera pomwepo. Koma kuseri kwa mpanda kunamveka mawu a apongozi. Iwo sakanandiyankhula mwachindunji, ndiye anadzera mwa mwana wawo.

"Belita, tawafunsa amuna akowo. Mtsikana uja popereka madzi ndinamuyamikira ine pakamwa panga, anthu akumva. Kodi akuti ine ndimayamikira mwano?"

"Belita, uwauze kuti sindinatchule munthu. Ndangoti amene waona lamanja sanaone bwino."

Ndinayang'ana pansi kufuna mboni. "Makina, iwe unali nane. Nena!"

Makina anayang'ana mtolo wa udzu ngati akuuona koyamba. "Ine ndinkasinza," anatero. Eneya naye ati utsi wa injini ya kanema unamulowa m'maso. Anthu amene tinadyera limodzi chinangwa changa pachulu! Ndinalakalaka kuwagwetsera denga lonselo pamutu.

A Dyson anandipatsa mpaka Loweruka m'mawa kuti ndivomere pamaso pa banja kuti ndinanama. Belita anandichonderera madzulo ake, misozi ili m'maso.

"Inu, ingonenani kuti munalakwa. Dzanja la munthu wa pachinsalu lidzatidyetsa chiyani?"

"Ndinene bodza kuti ndioneke woona?"

"Nanga mwanayu akabadwa ndidzamuuza kuti bambo ako anapita chifukwa cha dzanja?"

Zinandilasa, koma mkwiyo unali usanathe. Lachisanu ndinalawira osatsanzika, ulendo wa ku Chiringa wapansi, dzuwa la Okutobala likundiwotcha paliwombo. Njira yonse ndinkayankhula ndekha. Ndinkati ndikawakhazika a Wahabu pambali panga, aone okha, ndipo mawa lake ndibwera nawo ngati mboni. Munthu wopemphera ngati ameneyo sangasinze dala.

Ku Chiringa kunalibe apongozi anga, ndiye ndinakhala kutsogolo ngati munthu, a Wahabu ali pambali. Wa njinga uja anagweranso mumtsinje, anthu anaseka, ine sindinaseke. Kenako mlimi wanga uja anatulukira, anayandikira nkhalamba ija, ndipo ndinawagwira a Wahabu pamkono.

"Taonani tsopano!"

Anatambasula dzanja lamanja.

Pakudya, lamanja. Mkazi wake anagwada bwinobwino, madzi ali kudzanja lamanja, linalo litagwira pachigongono. A Wahabu ananditembenukira, ndipo maso awowo anandipweteka kuposa kutukwanidwa. Ndinayamba kuganiza kuti mwina andilodza, kapena anthu a galimotowa amva za mkanganowo n'kusintha kanema. Ndinadzuka kuti ndizipita, ndipo pofuna kupewa khamu ndinadzera kuseri kwa chinsalu. Nditakweza maso, munthu yemweyo anali akulandira khasu ndi dzanja lamanzere.

Ndinathamangira kutsogolo: lamanja. Kuseri: lamanzere. Ndinazungulira katatu mpaka anthu anayamba kukuwa kuti wamisalayo akhale pansi. Kanema atatha ndinamufunsa bambo wa chimkuzamawu uja, ndipo anaseka mpaka kutsokomola.

"Achimwene, kuseri zonse zimaoneka chotembenuka. Simunaone kuti ngakhale zilembo zinali chagada?"

Ndikanaona bwanji zilembo ine wosapita kusukulu? Ndinagona pakhonde pa a Wahabu. M'mawa pondiperekeza anandiuza maganizo awo. Ati wa alimiyo ndi wabwino ndithu koma ndi wautali, wa njinga uja ndiye angamuonerenso, ndipo chosangalatsa kuposa onse awiriwo chinali ineyo pothamanga mozungulira chinsalu.

Pobwerera mtima unali utapepuka. Palibe amene ananama! Apongozi anaona zoona, inenso ndinaona zoona, ndipo ndinaona chotembenuka chifukwa chowalemekeza iwo omwewo. Ndinakonza mawu anga bwinobwino. Ndinaganiza zobwereka nsalu ya Belita, kuiyanika padzuwa, n'kumuimika Makina kumbuyo kwake atakweza dzanja, kuti aliyense adzionere yekha. Ndinkaona kale a Dyson akugwedeza mutu n'kunena kuti koma mkamwini uyu ali ndi nzeru.

Nditafika ndinapeza mphasa yanga ili panja, yokulungidwa, khasu atalimangirira pamwamba ndi luzi. A Dyson anali pampando pakati pa bwalo. Kuseri kwa mpanda kunkamveka kutsokomola kwa apongozi. Belita anaima pakhomo, dzanja lili pamimba, maso otupa.

"Mwachoka osatsanzika, denga mwalisiya theka," anatero a Dyson. "Zimenezo tiziike pambali. Ndikufuna liwu limodzi. Lamanja kapena lamanzere?"

"A malume, nkhani yake ndi yakuti chinsalu chija..."

"Liwu limodzi."

"Mukandilola ndibwereke nsalu..."

"Eneya, apatsire katundu wawoyo."

Eneya ananyamula mphasa ija osandiyang'ana. Mawu onse amene ndinakonza m'njira anali pakhosi, okonzeka, oona onse. Ndinayang'ana Belita. Anangopukusa mutu pang'ono. Ndinagwada pafumbi.

"Lamanja."

"Ndiye wabodza ndani?"

"Ine."

"Kwezani mawu, kuseri kwa mpanda sanamve."

"Wabodza ndine!"

Apongozi anauza Belita kuti awauze amuna ake kuti zatha, akamalize denga. Mphasa inabwerera m'nyumba. Ndinakwera padenga paja ndipo ndinafolera mpaka dzuwa kupendeka, ndikumanga udzu mwaukali ngati ndi umene wandilakwira. Makina ankandiponyera mitolo akuimba kanyimbo. Sindinamuyankhule mwezi wathunthu.

Nditatsika ndinakakhala kuseri kwa nyumba yathu, ndipo Belita anabwera ndi chikho cha madzi. Apo ndiye ndinamasula zonse. Ndinamufotokozera za kutsogolo ndi kuseri, za kuthamanga kwanga, za bambo wa chimkuzamawu. Ndinachita kuimirira n'kumamuonetsa ndi manja. Iye anangondimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndikudziwa," anatero. "Ndinaona."

"Unaona chiyani?"

"Pamene ndinakubweretserani chinangwa. Mkazi uja ankapereka madzi ndi lamanzere. Nditabwerera kwa amayi, onse anali amanja."

Ndinakhala pansi. "Ndiye iwe unadziwa tsiku lonse lija? Ine akunditcha wabodza padenga, iwe ukusenda nandolo? Ndayenda mpaka ku Chiringa, mapazi awa atupa, ndagwada pafumbi ngati wakuba, mboni ili m'nyumba mwanga momwe!"

"Ndikananena, bwenzi mutapambana," anatero Belita. "Ndipo mmene ndimakudziwirani inu, simukanapambana mwakachetechete. Bwenzi pano muli panjira ya kwanu, mphasa pamutu, mukuuza aliyense wokumana naye kuti munanena zoona. A malume sankafunsa za dzanja. Ankafuna aone ngati bambo wa mwana uyu angathe kutseka pakamwa kamodzi kokha."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuyankhe, pakuti yankho ndinali nalo, labwinonso. Iye anagwada, anasamutsira chikho chija kudzanja lamanzere, dala, n'kundipatsira akundiyang'ana m'maso.

Ndinalandira, ndinamwa madziwo, ndipo sindinanene kanthu.