Ndime Yachitatu

Abusa ankavala kolala m'kachipinda ka kuseri kwa guwa pamene amayi busa analowa osagogoda.

"Abwera, alipo awiri. Akhala benchi yakumbuyo."

Mmodzi mwa iwo anali mkulu wa apolisi amene anaitanitsa abusawo ku ofesi kwake Lachinayi. Antchito a pafakitale ya simenti anali pa sitiraka, ndipo pageti ankaimba ndime yachitatu ya nyimbo imene abusa anapeka, yonena za mbuye wankhanza wotenga osapempha. Ku ofesiko abusa anafotokoza kuti anailemba zaka khumi ndi zinayi zapitazo atangoika m'manda mwana wawo wamkazi, ndipo mbuye akunenedwayo ndi imfa. Wapolisiyo anangoseka. "Kaya ndi imfa kaya ndi ndani, bambo, ndimeyo ndisaimvenso."

"Ingoidumphani, abambo," anatero amayi busa. "Shuga wanuyu mukathana naye bwanji m'selo? Mulungutu sawerenga ndime."

"Ndiye mwana wathu ndimudumphe?"

Amayiwo anawawongolera kolala, n'kupita kukakhala pa limba.

Tchalitchi chinadzaza, koma munali zii. Ulaliki unali waufupi, ndipo abusa anasokoneza vesi kawiri. Atatchula nambala ya nyimbo yotsekera, yomwe inali nyimbo yomwe ija, mkulu wa mpingo anazyolika. Ndime yoyamba inayenda bwino. Pa yachiwiri mawu anachepa, anthu akuchewukira kumbuyo mobisa. Itatha, limba linangoti duu.

Abusa anatsegula pakamwa. Anayamba okha, motsika kwambiri, mawu akusweka. Pa mzere wachiwiri limba linawapeza, amayi busa misozi ili chuchuchu. Amene anathandiza kuimba sanakwane khumi. Ena onse anatseka mabuku.

Apolisi anadikira mpaka mdalitso. Pakhomo wamkulu uja anavula chipewa.

"Tiyeni, abusa."

"Dikirani kaye, ndikawatengere mankhwala," anatero amayi busa. Anadikiradi.

Abusa anakhala m'selo masiku asanu ndi anayi. Anatuluka atawonda, mapazi atatupa, m'manja muli kalata yowaletsa kulalikira mumzindamo. Akuluakulu a mpingo, poopa mavuto, anawatumiza ku katchalitchi kakutali ka anthu makumi atatu, kadenga lodontha. Abusa anawawidwa mtima chaka chathunthu, osagwira cholembera. Kenako anayambiranso kupeka, ndipo anatumikira kumeneko mpaka maso atasiya kuona bwino.