Mwendo wa Tebulo la kwa Ayón

Mu Callao muno, mzinda wa padoko m'dziko la Peru, malo odyera a Chitchaina, amene timawatcha chifa, ngosawerengeka. Ukaponya mwala m'mwamba ukhoza kugwera padenga la chifa. Koma mnyamata akanena kuti "Loweruka ndipita naye kwa Ayón," anzake amasiya zimene akuchita n'kumuyang'ana, chifukwa kwa Ayón sapitirako njala yokha.

Anayambitsa chifa imeneyi ndi malemu a Manuel Ayón, amene anatsika sitima yapamadzi ali kamnyamata kuchokera ku Kantoni m'dziko la China, n'kuyamba kugulitsa mpunga wokazinga kwa anthu onyamula katundu padoko. Mpunga wawo unali wabwino, sindikukana, koma mpunga wabwino uli ponseponse. Chimene chinatchukitsa malowa ndi tebulo laling'ono la anthu awiri limene lili pansi pa masitepe. Mbiri yake ndi yoti aliyense amene anafunsira mbeta pa tebulo limeneli banja lake silinathe. Anakhalapo agogo, anakhalapo ana awo, pano kukubwera zidzukulu, ndipo mzinda wonse ndi mboni kuti palibe ndi mmodzi yemwe anakaonekera kukhoti. Zithunzi za maukwati awo zadzaza khoma mpaka zafika pachitseko cha kuchimbudzi.

Vuto la tebuloli linali limodzi: mwendo wake unkathyokathyoka. Anthu ankadandaula kuti bwanji osangoitana kalipentala, koma a Eusebio, mwana wa malemuwo amene ndiye mwini malo tsopano, ankangopukusa mutu n'kunena kuti mtengo wakalekale sugwirizana ndi misomali ya masiku ano.

Zoona zake ankazidziwa ndi a Eusebio ndi akazi awo, mayi Zoila, basi. Malemu a Manuel anawanong'oneza a Eusebio atatsala pang'ono kutsikira kulichete. Tebulolo linalibe mankhwala alionse. Anthu ofuna kukhalapo ankauzidwa kuti ayambe adyera pa tebulo wamba, linalo likukonzedwa. Ankawabweretsera mbale ya wantani, timitanda ta ufa tokazinga tokhala ndi nyama m'kati, towerengedwa mwadala kuti akamagawana kamodzi katsale. Mwini malo ankaima pakauntala ngati akupukuta matambula, diso lili pa kotsalako. Akakagawana pakati, kapena akakankhirana mpaka kuseka, ankawatengera pansi pa masitepe. Koma wina akangokatola n'kukaponya m'kamwa osamuyang'ana mnzake, mwini malo ankapita ndi nkhope yachisoni n'kukanena kuti, "Pepani ana anga, mwendo wa tebulo wathyokanso." Amenewo ankakafunsirana kwina, ndipo banja likatha linkathera kwinako.

A Eusebio anayendetsa mwambowu zaka zambiri mtima uli m'malo, poti ana amene ankawabwezawo anali a eni. Koma paja amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsiku lina mwana wawo mmodzi yekhayo, Yoli, amene ndi namwino, analowa akumwetulira, n'kuwapsompsona pa dazi.

"Ababa, Loweruka masana Wílder akubwera. Akufuna tebulo."

Wílder anali wowotcherera zitsulo padoko, chimunthu chachikulu choseka mpaka matambula kulira pashelefu. A Eusebio sankamuda kwenikweni, koma anali atamuonapo akudya, ndipo munthu ameneyo ankadya ngati angotuluka kundende. Analibe chikayiko chilichonse kuti kotsalako adzakameza ndi iyeyo. Apa ndiye panali nkhani. Kumubweza kunali kumuliza Yoli pamaso pa anthu. Kumulola n'kumene sakanatha, chifukwa banja limenelo likadzatha, dzina limene bambo awo analimanga moyo wawo wonse lidzagwetsedwa ndi mdzukulu wawo yemwe. Anasankha kuteteza dzinalo. Mwana adzalira sabata imodzi, anatero mumtima, kenako adzapeza munthu wodya mwaulemu. Ndipo kunena zoona, atasankha choncho anamva kupepukidwa.

Loweruka litafika, chifa inadzaza ngati tsiku la malipiro padoko, poti mbiri inali itamveka kuti mwana wa panyumba akukhala pansi pa masitepe. Mayi Zoila, amene ndiwo amagwira chiwaya kukhitchini, anasuzumira pakazenera kotulutsira mbale.

"Mukumwetuliranji, bambo a Yoli?"

"Ndani akumwetulira?"

"Mano onse ali pamtunda. Mukuoneka ngati mphaka woti waona nsomba yagwa patebulo."

"Kazingani wantani inu, zinazo ndisiyireni."

Wílder anafika atavala shati yoyera yomuthina m'khosi, tsitsi atalinyowetsa. Anawapatsa moni apongozi ake ndi manja awiri, zala za a Eusebio n'kulira. A Eusebio anamukhazika iye ndi Yoli pa tebulo wamba, mbale ya wantani ndi msuzi wa bwemba zinafika, ndipo iwo anatenga tambula ndi kansalu n'kukaima pamalo awo.

Wílder ankadya akufotokoza nkhani ya kuntchito, manja ali m'mwamba. Mbale inaphwa msanga, kamodzi n'kutsala pakati. A Eusebio anasiya kupukuta. Dzanja lalikulu la Wílder linatsika, linadutsa pamwamba pa mbale, n'kukatenga botolo la chakumwa. Nthawi yomweyo Yoli anabaya kotsalako ndi foloko, anakaviika mu msuzi wa bwemba, n'kukaponya m'kamwa. Mnzakeyo sanamuyang'ane n'komwe. Maso ake anali pa nsapato za mayi wina amene ankadutsa.

A Eusebio anaika tambula pansi. Ayi, mwanayu sanaone bwino, anadziuza choncho. Anathamangira pakazenera.

"Ina, mayi a Yoli. Chimodzimodzi."

Mbale yachiwiri inapita. Kotsala, Yoli. Yachitatu inapita, Wílder atamasula kale batani la m'khosi, thukuta lili kamukamu.

"Ababa, lero kwagwanji?" anafunsa Yoli. "Mukufuna diresi la ukwati lidzandikane?"

Anatero akutola kotsala kachitatu, ndi zala tsopano.

A Eusebio anamva chisoni chimene sanachikonzekere. Nkhope yachisoni imene ankavala mwa ntchito lero inabwera yokha. Msampha anatchera mlendo, wakodwa ndi mwana wa m'nyumba. Koma lamulo la bambo awo silinkafunsa kuti watola ndi mwana wa ndani. Anayenda pang'onopang'ono mpaka patebulopo, anthu onse atasiya kutafuna.

"Ana anga, pepani. Mwendo wa tebulo lija..."

"Aaa, musadandaule bambo!" Wílder anadzambatuka, mpando n'kugwera kumbuyo. "Ndinaukonza Lachinayi, inu mutapita kumsika wa nsomba. Amayi ananditsegulira. Ndimafuna ikhale mphatso yanga kwa inu."

Anapita pansi pa masitepe n'kuvundukula nsalu ya patebulo. Miyendo yonse inayi inali itavekedwa zitsulo zowotcherera bwinobwino, zopakidwa utoto wofanana ndi mtengowo.

"Kuthyoka kwake sindinakuone, koma ndinati ndingolimbitsa yonse. Onani!"

Anawerama kuti mutu usagunde masitepe, anakwera patebulopo ndi nsapato zake zomwe, n'kudzigwedeza ngati akuvina. Tebulo silinalire n'komwe.

"Ngakhale chivomerezi chibwere, nyumba idzagwa, ili lidzatsala!"

Anthu anawomba m'manja. Nkhalamba ina ya pakona inakuwa kuti, "A Eusebio, mkamwini ndi ameneyu! Chimene chinakukanikani zaka zonsezi wachitha tsiku limodzi!"

A Eusebio anati akubwera, n'kulowa kukhitchini.

"Mayi a Yoli, mwandichita chiyani?"

"Mnyamata wapempha kukonza tebulo la apongozi ake. Ndikanamuuza kuti chiyani?"

"Mwaona zimene wachita mwana wanuyo? Katatu! Ngakhale kumufunsa mnzakeyo ayi!"

"Lero wakhala wanga ndekha? Mukuganiza kuti watengera ndani?"

"Kwathu khalidwe limenelo kulibe."

Mayi Zoila anaponya anyezi m'chiwaya, moto n'kulilima mpaka m'mwamba. Anatakasa osafulumira.

"Bambo a Yoli, inu munandifunsira kuti?"

"Funso lanji limenelo? Pamalo okwerera basi. Mukudziwa kale. Tinali ndi tsoka, sabata imeneyo mwendo wa tebulo unali..."



"Unali bwanji? Malizitsani."

A Eusebio anakhala pa thumba la mpunga. Chinsinsi chija anauzidwa patapita zaka zambiri chikwatirireni, Yoli akuyenda kale, ndipo sanaganizepo ndi tsiku limodzi lomwe kuyang'ana m'mbuyo. Nkhani ya tsoka lawo la sabata imeneyo anali ataifotokozera makasitomala kosawerengeka, akuseka.

"Ine?" anafunsa ndi mawu ang'onoang'ono.

"Inuyo. Kotsala kaja munakatola muli m'kati mondifotokozera za mpira. Ndinatembenuka n'kuona nkhope ya malemu pakauntala paja, tambula ili m'manja. Atabwera ndi nkhani ya mwendo ndinadziwiratu zonse. Ine ndinadziwa inu musanauzidwe."

"Bambo anga enieni anandibweza?"

"Anakubwezani, ndipo usiku wake sanadye. Tsono mukufuna kuchita chimodzimodzi, kapena mutuluka? Ana akudikira, ndipo mwakhalira mpunga wanga."

Anadzuka, anakonza epuloni, n'kutuluka. Yoli anali ataima pafupi ndi masitepe, nkhope itayamba kusintha, poti bambo ake ankawadziwa. A Eusebio anamuyang'ana Wílder m'maso, zimene zinafuna kuti apendeke khosi.

"Mnyamata, mwana wangayu ndi wovuta. Ukudziwa?"

"Ndikudziwa, bambo."

"Pa chakudya alibe m'bale."

"Ababa!" anatero Yoli.

"Ndikudziwa, bambo," anayankha Wílder mwaulemu. "N'chifukwa chake ndikamakakumana naye ndimadyeratu kunyumba."

Chifa yonse inafa ndi phwete, Yoli n'kumumenya chibakera paphewa chimene iye sanachimve n'komwe. A Eusebio sanaseke. Anakoka mpando wa pansi pa masitepe n'kumukhazika mwana wawo, anakoka winawo n'kumukhazika Wílder. Chiyambire kugwira ntchitoyi anali asanakhazikepo anthu pamenepo osadziwa kuti zidzatha bwanji, ndipo ankachita mantha enieni, a mwana ndi a dzina lomwe. Anawerama pakhutu la Wílder.

"Dzina la bambo anga ndalisiya m'manja mwako."

"Ndalandira, bambo."

Ataona kuti mnyamatayo wayamba kufufuza mphete m'thumba la shati, a Eusebio anathawira kukhitchini, poti zimenezo maso awo sakanazipirira. Anaima kumbuyo kwa akazi awo nthawi ndithu, akuyang'ana mmene ankatembenuzira mpunga, mkono womwe uja umene wakhala ukunyamula chiwaya chimenecho kuyambira tsitsi lawo lili lakuda.

"Mayi a Yoli."

"Ee."

"Inu munadziwa kuti tebulo latikana. Munandiloleranji nanga?"

Mayi Zoila anakhuthulira mpunga m'mbale, anapukuta m'mphepete mwake ndi kansalu, n'kuwatembenukira.

"Ndimakwatiwa ndi tebulo ine?"

Kunja kuja kunabuka chiphokoso cha m'manja ndi mluzu, wina akuimba mbale ndi supuni. Misozi ya a Eusebio inatsikira mu epuloni. Akazi awo anawapatsa mbale ya mpunga ija m'manja n'kuwauza kuti ndi ya anthu a pakona, apite nayo isanazizire.