Mbale Zakuda za Adokotala

Ku Nkolokosa konse kunalibe munthu wodana ndi mbale yakuda ngati mayi Salome. Pamaliro, pachinkhoswe, ngakhale kunyumba kwa eni ake, iwo akaona mbale ya msuzi manja ankawayabwa. Choncho atapeza ganyu yokolopa pa labotale ina m'tauni, anthu anati ntchito yapeza mwini wake. Anawapatsa mwezi umodzi woyeserera, ndipo ntchitoyo ankaifunadi, chifukwa kubwerera kwawo ku Nsanje chimanjamanja kunali kuseketsa adani.

Mkulu wa pamalopo anali Dokotala Vanessa, mayi wamng'ono thupi koma wolankhula ngati wailesi. Tsiku loyamba anawafotokozera a Salome kuti pali tizilombo tina timene tasanduka nkhutukumve, makapisozi onse tikungowaseka. Adokotalawo tsono, atavutika zaka zitatu, anali atapanga mankhwala atsopano oboola khungu la kachilombo, monga momwe munga umaboolera chubu cha njinga, kenako kachilomboko n'kuphwa. A Salome anavomera ndi mutu, koma maso awo anali pa kangaude wa pakona.

Lachisanu m'mawa, adokotala ndi anzawo asanafike, a Salome anatsegula kabati ina yofunda, yachitseko chagalasi. Zimene anaona zinawaumitsa thupi. Munali timbale tagalasi makumi anayi, tovundikira bwinobwino, tonse tathimbirira ndi nkhungu zachikasu, fungo lake ngati sokosi za kondakitala.

“Anthu a madigiri awa,” anadandaula okha, “kudya n'kubisa mbale m'kabati. Ndiye akakwatiwa kwa yani?”

Anavala magolovesi monga anawalamulira, nawiritsa madzi, natenga sopo wa fungo la mandimu. Anakwecha kambale kalikonse mpaka kulira, n'kutibwezera m'kabati mwa ndondomeko yake. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma a Salome m'mawa umenewo sanaone chofunsa.

Woyamba kufika anali a Victor, wothandizana ndi adokotala pa kafukufuku. Anasuzumira pagalasi la kabatiyo, napukuta maso, nasuzumiranso.

“Dokotala, bwerani! Zonse zili mbee, tizilombo tafa!”

Dokotala Vanessa anataya chikwama pakhomo. Munthu wa ku Namiwawa, woyenda pa galimoto ya magalasi akuda, anavula nsapato n'kuyamba kudula chiuno pakati pa labotale. A Salome anasangalala kuona kuti ukhondo ukuyamikiridwa chotere, mpaka analulutira.

“Musadandaule, adokotala,” anatero modzichepetsa, “ndizitsuka Lachisanu lililonse.”

Chiuno chija chinaima pomwepo. Adokotala anatsegula kabati, natenga kambale kamodzi, nakanunkhiza. Kankanunkhira mandimu.

“Amayi,” anatero pang'onopang'ono, “munali tizilombo tathu umu. Timatiweta dala, n'kutithira mankhwala kuti tione ngati tifa.”

“Ndiye si tafa?”

“Tafa ndi sopo.”

“Nanga sopoyo walakwa chiyani?”

A Victor, amene pakamwa pawo panalibe chitseko, anavomereza kuti sopo nayenso amang'amba khungu la tizilombo. A Salome anagwira m'chiuno. Zaka zitatu anthu akuvutika, chikhalirecho nkhani yake ndi ya mugolosale?

Adokotala anakhala pansi, nsapato zili kumanja.

“Sopo sangalowe m'magazi a munthu, amayi. Tizilombo timeneti tinachokera pa bala la mwana wina amene mankhwala onse anamukana. Tikufuna chopha kachilombo n'kusiya mwanayo ali moyo.”

Apa a Salome anachita manyazi enieni. Anakumbukiranso makapisozi amene iwo ankasiyira panjira akangopezako bwino, otsalawo n'kumwetsa nkhuku. Anayamba kuvula epuloni, akuganiza za basi ya ku Nsanje.

“Valani,” anatero adokotala. “Tizilombo tina tili mufiriji, tiyambiranso. Koma kuyambira lero, mlonda wa kabatiyi ndinu. Kambale kamodzi kakangoyera ndi dzanja la munthu, inu ndi ntchito mwasiyana.”

Chilango choposa apa a Salome anali asanachionepo. Masabata atatu anakolopa mozungulira kabati yodzaza mbale zakuda, manja akuyabwa, nkhope atatembenuzira kukhoma. Ankati akamva fungo lija n'kuyamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi.

Pa tsiku lomaliza la mwezi woyeserera, a Victor anasuzumiranso pagalasi. Timbale tambiri tinali tachikasu monga kale, koma tisanu ndi kamodzi ta m'munsi tinali toyera. Ulendo uno palibe anavula nsapato. Onse awiri anatembenuka mwakachetechete n'kuyang'ana a Salome.

A Salome anaimika chokolopera pakhoma, nakweza manja onse awiri m'mwamba. Anali ouma gwa.

“Nunkhizani,” anatero.

Adokotala ananunkhiza kamodzi mwa timbale toyerato, nakwinya mphuno, misozi n'kulengeza. Kankanunkha sokosi za kondakitala, osati mandimu.